Mutu 7: Kuwerenga akabawi ndi ziwombankhanga zobwera ndi mvula

Mvula yobzalira ikagwa usiku wonse m'madera a Ulongwe, Utale kapena Ntaja, m'mawa dzuwa n'kuwomba, zulu zimatsekuka ndipo ngumbi zimayamba kufuka. Ana amathamanga ndi mabeseni, nkhuku zimaiwala gaga, achule ndi abuluzi nawo amapezerapo phwando. Anthu ambiri maso amakhala ali pansi, pa una pomwe ngumbizo zikutulukira. Koma wokweza mutu amaona kuti kumwamba, kumene dzulo kunali mbee, kwadzaza mbalame. Timbalame totuwa ta mtundu wa akabawi, ta miyendo yofiirira, tikuzungulira makumimakumi, nthawi zina mazana. Kalikonse kamakwapula ngumbi ndi phazi, n'kuweramitsa mutu, n'kuidya kali m'malere osatera, mapiko a ngumbiyo akungoyoyokera pansi. Chapatali pang'ono ziwombankhanga zikuluzikulu za bulauni zatera pa chulu penipeni, zikuyenda chodzandira n'kumatola ngumbi imodziimodzi ngati nkhuku. Pakatha masiku awiri kapena atatu zonse zimakhala zitachoka, zatsata mitambo kukafuna kwina kumene mvula yagwa.

Mbalamezi si zakuno. Zina zinaswedwa m'nkhalango za ku Poland ndi Latvia, zina m'zigwa za udzu za ku Kazakhstan, zina kum'mawa kwenikweni kwa Russia, m'mbali mwa mtsinje wa Amur umene uli malire a dzikolo ndi China. Mu Seputembala ndi Okutobala, ife tikuphika ndi kutentha kwa chilimwe, kwawoko mitengo imakhala ikuyoyola masamba, chisanu chikuyandikira, ziwala ndi mbewa zikusowa. Ndiye zimanyamuka ulendo wa kummwera. Panjirapo pali anthu amene amakhala pa mapiri miyezi iwiri yathunthu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ntchito yawo n'kuziwerenga basi. Kaundula wawo ndi wamtengo wapatali, koma ali ndi mpata waukulu, ndipo mpatawo uli kuno kumene mbalamezo zimadzathera miyezi inayi kapena isanu ya chaka.

Alendo ake ndi ati?

Woyamba kufika ndi amene aliyense woweta nkhuku amamudziwa: mphamba wa mlomo wachikasu ndi mchira wa mphanda. Ameneyu sachokera kutsidya kwa nyanja. Amasamuka mkati mwa Africa momwemu, amaoneka kuno cha mu Julayi ndi Ogasiti, amamanga chisa, ndipo amachoka dzinja likamatha. Mayi amene thadzi lake laswa mu Ogasiti safuna kalendala kuti adziwe kuti anapiye asatalikire khonde.

Mu Okutobala mumafika kabawi wina wa bulauni, wa thupi lojintcha, amene mabuku a mbalame amamutcha steppe buzzard. Amakonda kukhala duu pa polo ya magetsi kapena pa nthambi youma m'mbali mwa msewu, kudikira mbewa, buluzi kapena chiwala, ndipo kwawo ndi ku Russia ndi kumpoto kwa Ulaya. Pambuyo pake pamabwera ziwombankhanga ziwiri zokonda ngumbi zija: lesser spotted eagle ya kum'mawa kwa Ulaya, ndi steppe eagle ya ku Kazakhstan, Russia ndi Mongolia. M'madambo a Chilwa ndi Chiuta mumaoneka ena a mchira wautali amene amauluka chapansipansi, kukhudza nsonga za udzu, mapiko atawatukula m'mwamba, maso ali pansi. Pa Shire ndi pa Malombe pamabwera osprey, mlendo wodya nsomba amene amadziponya m'madzi miyendo ili patsogolo mpaka kumira thupi lonse, mosiyana ndi nkhwazi yathu imene kawirikawiri imangokokola nsomba pamwamba pa madzi. Womaliza kufika, chakumapeto kwa Novembala ndi mu Disembala, ndi kabawi wa ku Amur, amene ulendo wake umaposa wa onsewa.

Chifukwa chake zimawerengeka

Mbalame yaikulu ngati chiwombankhanga siingapite kutali ikamakupiza mapiko. Mphamvu zingaithere ulendo usanafike n'komwe pakati. Imadalira mpweya wokwera. Dzuwa likawotcha nthaka, mpweya wa pamwamba pa nthakayo umatentha, umapepuka n'kuyamba kukwera. Kamvuluvulu amene amanyamula fumbi ndi masamba m'minda ya ku Phalula mu Okutobala ndi mpweya wokwera womwewo, kungoti zinyalala zauonetsa. Mbalame imalowa m'menemo, kutambasula mapiko n'kumazungulira mpaka itakwera mamita mazanamazana. Ikafika pamwamba imapinda mapiko pang'ono n'kutsetsereka molunjika kummwera mpaka itakumana ndi mpweya wina wokwera. Tsiku lonse ndi choncho, ndipo mwa njira imeneyi imatha kudula makilomita oposa 150 dzuwa lisanalowe, osatopa kwenikweni.

Vuto ndi madzi. Pamwamba pa nyanja yaikulu mpweya sukwera mokwanira kunyamula mbalame yolemera, motero zimaopa kuoloka. Zochokera ku Ulaya ndi Asia zikafika pa nyanja ya Mediterranean, Black Sea kapena Nyanja Yofiira, zimatsata gombe kufunafuna pamene madzi apanikizika. Malo otere ndi owerengeka: Gibraltar, pamene Spain ndi Morocco atalikirana makilomita 14 okha, Bosphorus mumzinda wa Istanbul, Eilat ndi Suez, ndi Bab el-Mandeb, pakati pa Yemen ndi Djibouti, pamene madzi ndi otambalala pafupifupi makilomita 30. Mbalame zimene chaka chonse zinabalalika m'mayiko makumi zimadutsa pamwamba pa phiri limodzi m'milungu yochepa, ndiye munthu wokhala pa phiri limenelo angathe kuziwerenga. Mu 1987, Geoff ndi Hilary Welch anakhala pa gombe la Djibouti n'kuwerenga zoposa 240,000 zikulowa mu Africa, zambiri mwa izo zili steppe buzzard ndi steppe eagle. Zina za mitundu imeneyi ndi zimene zimadzakhala pa mapolo a mumsewu wa Liwonde.

Phiri limene linali lophera

Mwambo wowerenga mbalamezi unayambira pamalo pamene ankaziphera. M'chigawo cha Pennsylvania ku America muli mtandadza wa mapiri wotchedwa Kittatinny, umene akabawi amautsata popita kummwera. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, alenje ankasonkhana pa matanthwe a phirilo n'kumaombera chilichonse chodutsa. Sankafuna ndiwo ayi. Ankati ndi mbalame zowononga, ndipo boma la chigawocho linkapereka madola 5 kwa aliyense wopha kabawi wa mtundu wa goshawk. Mayi wina wa ku New York, Rosalie Edge, ataona zithunzi za mbalame zakufa zitayalidwa pansi mizeremizere, anachita lendi phirilo mu 1934 n'kulemba ntchito Maurice Broun kuti aliyang'anire. Mkazi wa Broun, Irma, ankaima panjira kubweza anthu a mfuti, pamene mwamunayo ankakwera pa thanthwe ndi kope. Kuwerenga kunayamba pa 30 Seputembala 1934, ndipo kupatula zaka zitatu za nkhondo, 1943 mpaka 1945, sikunalekeke mpaka lero. Malowa amatchedwa Hawk Mountain.

Phindu la kopelo linadzaoneka patapita zaka zambiri, pa nkhani imene Broun sankaiganizira n'komwe. Nkhondo itatha, mankhwala ophera tizilombo a DDT anafala m'minda ndi m'madambo. Ankalowa m'madzi, kuchoka m'madzi n'kulowa m'nsomba, kuchoka m'nsomba n'kulowa m'thupi la bald eagle, nkhwazi ya ku America. Mazira ake anayamba kukhala ndi chigoba chopyapyala, chophwanyika make akangoti afungatire. Munthu wongoyang'ana kumwamba sakanazindikira kanthu, poti nkhwazi zikuluzikulu zinkaonekabe. Mbalame zotere zimakhala zaka zambiri. Koma Broun ankalemba ana padera, akuluakulu padera. Pakati pa 1935 ndi 1939, nkhwazi 40 mwa 100 zilizonse zodutsa paphiripo zinali ana. Pakati pa 1955 ndi 1959 zinatsika kufika pa 20, ndipo mu 1957 panali mwana mmodzi yekha pa zikuluzikulu 32 zilizonse. Rachel Carson anagwiritsa ntchito ziwerengero zimenezi m'buku lake la Silent Spring la mu 1962, ndipo mu 1972 dziko la America linaletsa DDT m'minda.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonseyi. Chiwerengero cha chaka chimodzi sichinena kanthu. Chaka china mphepo imakankhira mbalame kuseri kwa phiri, chaka china mitambo imaziphimba. Chimene chimalankhula ndi kuwerenga pamalo omwewo, m'miyezi yomweyo, mwa njira yomweyo, zaka makumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Broun akanatopa pa chaka chachisanu, umboni wa 1957 sukanakhala ndi choufanizira.

Lero malo owerengera alipo ambiri. Ku Veracruz, m'dziko la Mexico, kumadutsa mbalame zolusa zoposa 4 miliyoni chaka chilichonse. Koma oyandikana ndi nkhani yathu ndi a ku Batumi, mzinda wa m'dziko la Georgia, kumene mapiri amafika pafupi ndi Black Sea moti mbalame zimapanikizika m'kanjira ka makilomita ochepa. Kuyambira mu 2008 bungwe la Batumi Raptor Count limasonkhanitsa anthu ongodzipereka ochokera m'mayiko osiyanasiyana, kuyambira pakati pa Ogasiti mpaka mu Okutobala, pa zitunda ziwiri zotchedwa Sakhalvasho ndi Shuamta. Zaka zambiri amawerenga zoposa 1 miliyoni.

Mawerengedwe awo ndi ofunika kuwaonetsetsa. Mbalame zikamazungulira mu mpweya wokwera saziwerenga, chifukwa yomweyo ungaiwerenge katatu. Amadikira zifike pamwamba n'kuyamba kutsetsereka mumndandanda. Wowerenga amakhala atasankhiratu mzere wongoganizira m'mwamba, ndipo amawerenga zokhazo zimene zaudutsa, chala chili pa kachipangizo kodina. Zikakhala zochepa amadina kamodzi pa mbalame imodzi. Zikathithikana amadina kamodzi pa khumi. Mnzake pambali ali pa chipangizo choonera patali, kusiyanitsa mitundu, ana ndi akuluakulu, zazimuna ndi zazikazi. Zitunda ziwirizo zimalankhulana pa wailesi ya m'manja kuti gulu limodzi lisalembedwe kawiri. Ndipo imene sanaizindikire amailemba kuti sanaizindikire, osaipatsa dzina longoganiza.

Kabawi wosaopa nyanja

Kabawi wa ku Amur satsata njira ya anzake. Ndi wamng'ono, wolemera pafupifupi magalamu 150, wa mapiko osongoka, ndipo amauluka mokupiza. Wamwamuna ndi wotuwa moderako, kunsi kwa mapiko koyera. Wamkazi ali ndi chifuwa choyera cha mathothomathotho akuda. Onse miyendo ndi m'mbali mwa maso ndi mofiirira. Akachoka ku Amur, Mongolia ndi kumpoto kwa China, amasonkhana kumpoto chakum'mawa kwa India mu Okutobala n'kudya inswa za kumeneko mpaka atanona. Kenako amadutsa India yense n'kulowa pamwamba pa nyanja ya mchere, makilomita pafupifupi 3,000 opanda potera, usana ndi usiku, mpaka atafika ku Somalia kapena Kenya. Akatswiri ena amakhulupirira kuti panyanjapo amadya atombolombo amene nawonso amaoloka nyengo yomweyo. Kuchokera pamenepo amatsika kudzera ku Tanzania, Malawi, Zambia ndi Mozambique, ambiri n'kukathera ku Zimbabwe, Botswana ndi South Africa. Kupita ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 22,000 pa chaka.

Mu Okutobala 2012, gulu la Conservation India linafika pa damu la Doyang, m'boma la Wokha ku Nagaland, n'kupeza asodzi atapachika maukonde m'mitengo imene akabawiwa amagona. Anayerekeza kuti pa nyengo imodzi ankakola mbalame pakati pa 120,000 ndi 140,000, zina kuziwamba, zina kuzigulitsa zamoyo m'misika. Anthu ake sanali ankhanza kuposa ife. Damulo linamiza minda yawo ina, ndipo mbalame zinali ndiwo komanso ndalama. Chaka chotsatira, atakambirana mafumu, atsogoleri a mipingo, boma ndi mabungwe, mudzi wa Pangti ndi midzi yoyandikana nawo inaletsa kukola, ndipo kuphako kunatheratu m'nyengo imodzi. Mu Novembala 2013 akabawi atatu anavekedwa tizipangizo ta setilaiti n'kupatsidwa mayina a Naga, Pangti ndi Wokha. Anthu a m'midzimo ankatsatira pa mapu mbalame zawo zikuoloka nyanja, zikutsika Africa mpaka kummwera. Ena mwa amene ankakola ndi amene anayamba kulondera mitengoyo ndi kuperekeza alendo obwera kudzaona.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa kabawi amene wapulumuka ku Pangti mu Okutobala ndi yemweyo amene akudya ngumbi ku Nsanama mu Disembala. Anthu a ku Nagaland anasiya ndiwo zawo pofuna kuti mbalameyo ifike kuno. Ife sitinafunsidwepo kuti yafika kapena ayi, ndipo titafunsidwa sitingakhale ndi kope loti tionetse.

Kumene mtolo umamasukira

Machinga ndi Balaka si Batumi. Zimene zinadutsa pa Bab el-Mandeb zili mtolo umodzi, zikafika kuno zimakhala zitabalalika, aliyense kutsata mvula ndi chakudya. Palibe phiri limodzi limene ungakhalepo n'kuona zonse. Koma malo ndiye tili nawo abwino. Chigwa cha Shire kuchokera pa Malombe mpaka pa baraji ya Liwonde, nkhalango za tsanya ndi migwalangwa za m'paki ya Liwonde, mapiri a Chikala, Chinguni ndi Malosa, madambo a Chilwa ndi Chiuta, ndi minda ya thonje ndi milambe ya ku Balaka, zonsezi zili pafupipafupi. Paki ya Liwonde yokha, imene inakhazikitsidwa mu 1973, muli mitundu ya mbalame pafupifupi 400.

Zolembedwa zilipo ndithu. Charles Belcher anatulutsa buku la mbalame za Nyasaland mu 1930, C. W. Benson ndi F. M. Benson la mbalame za Malawi mu 1977, ndipo Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa lawo mu 2006, lofotokoza mitundu pafupifupi 650 ndi mapu a kumene uliwonse umapezeka. Mabuku amenewa amayankha funso loti kuli mbalame zanji, kuti, mwezi uti. Sanalembedwere funso lina, loti kodi zachepa poyerekeza ndi kale, nanga zachepa motani.

Funso limenelo linayankhidwa kwina. Mu Januwale 2024, magazini ya sayansi ya Nature Ecology & Evolution inasindikiza kafukufuku wotsogoleredwa ndi Phil Shaw ndi Darcy Ogada, woona mitundu 42 ya mbalame zolusa za m'tchire la Africa. Anapeza kuti pafupifupi mitundu 9 mwa 10 iliyonse yachepa, zikuluzikulu ndiye zachepa kwambiri, ndipo kunja kwa mapaki zinthu zaipa kuposa mkati. Chochititsa chidwi ndi kumene ziwerengerozo zinachokera. Zambiri zinachokera kwa anthu amene anayenda pa galimoto pang'onopang'ono m'misewu ya ku Mali, Burkina Faso, Niger, Cameroon, Kenya ndi Botswana, kulemba mbalame iliyonse, ena kuyambira mu 1969, kenako wina n'kudzayendanso msewu womwewo patapita zaka makumi awiri mpaka anayi. Pa misewu yonseyo panalibe wa ku Malawi. Mphungu, amene mwambi wathu umati sataya nthenga, analowa m'gulu la mbalame zimene zili pangozi yakutha mu 2020. Steppe eagle analowa mu 2015. Akuluakulu a ku Ulongwe angakuuzeni kuti kale mphungu ankaoneka kawirikawiri, ndipo n'zomveka, koma mawu akuti kawirikawiri sungapite nawo ku ofesi yoona za mankhwala a m'minda kapena kwa omanga mawaya a magetsi.

Kuti kuyang'anitsitsa kumabala zipatso, umboni uli pa Liwonde pomwepa. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa pakiyi mu 2015, linabwezeretsamo nyama zolusa: zothamanga kwambiri zija zotchedwa cheetah mu 2017, mikango mu 2018. Miimba, imene inali itasowa m'pakimo kwa zaka zambiri, inayamba kutera pa zotsala za nyamazo. Zinadziwika chifukwa panali anthu amene ankapita pa nyama iliyonse yophedwa n'kulemba zimene apeza. Ku South Africa nako, akabawi a ku Amur amagona masauzandemasauzande m'mitengo italiitali ya m'matauni monga Newcastle ku KwaZulu-Natal, ndipo anthu ongodzipereka amawawerenga pogona pawo. Mu Marichi 2019 matalala atagwa usiku ku Mooi River ndi ku Newcastle n'kupha mbalame mazanamazana, anthu anathamangira kukatola zovulala chifukwa mitengoyo ankaidziwa kale.

Zimene zingachepetse mbalamezi kuno n'zodziwika. Makala akumaliza mitengo italiitali yoti zigonemo, ndipo aliyense woyenda pakati pa Machinga boma ndi Liwonde amaona matumba ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Mankhwala opopera thonje ndi chimanga amapha ziwala zimene zikanadyedwa, ndipo zimene zatsala zimakhala ndi poizoni. Tameki wothira pa nyama kuti aphe galu kapena fisi amapha chilichonse chotera pamenepo. Mapolo ena a magetsi, mawaya ake akayandikana, amatentha mbalame ya mapiko aatali ikangoti itambasule. Ndiye pali legeni. Mnyamata amene mphamba wamulanda anapiye atatu sasiyanitsa; aliyense wa mlomo wokhota kwa iye ndi mdani. Koma kabawi wa ku Amur sadya nkhuku. Chakudya chake ndi ngumbi, ziwala, dzombe ndi tizilombo tina touluka. Zigwa za Chilwa ndi Chiuta ndi ena mwa malo amene dzombe lofiira limaswanirana, n'chifukwa chake bungwe la mayiko loona za dzombe la IRLCO-CSA, limene likulu lake lili ku Ndola, limazizonda chaka ndi chaka. Mbalame zodya dzombe m'malo ngati amenewa zikugwirira ntchito mlimi wa ku Nayuchi popanda malipiro.

Tingawerenge bwanji?

Njira yoyenera kuno si yokhala pa phiri miyezi iwiri, ngakhale kuti kukhala m'mawa umodzi pa Chikala kapena pa Chinguni mu Novembala n'koyenera kuyesa. Yoyenera ndi ya msewu. Kuchokera pa Liwonde kufika pa Balaka ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo njinga ya kapalasa imayenda pa liwiro loyenera ntchitoyi: mmodzi kupalasa, wina kumbuyo maso m'mwamba ndi m'mapolo. Anyamuke cha m'ma 8 koloko, mpweya utayamba kukwera ndipo mbalame zitadzuka m'mitengo, alembe tsiku, ola lonyamukira, ola lofikira, ngati kuli mitambo, ngati mvula inagwa dzulo, ndi mbalame yolusa iliyonse pamodzi ndi malo amene aionera. Achite zimenezi Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Msewu ukhale womwewo, ola lomwelo, mbali yoyambira yomweyo. Tsiku limene sanaone kanthu alembe kuti sanaone kanthu. Ziro ameneyo ndi chiwerengero chofunika ngati china chilichonse, ndipo ndi amene anthu ambiri amamusiya chifukwa amamuona ngati kulephera.

Njira yachiwiri ndi ya pogona. Akabawi a ku Amur akapeza mtengo wautali, kaya ndi bulugama wa pasukulu kapena mlambe wa kumunda, amabwererako madzulo aliwonse nthawi imene ali m'deralo. Madzulo amazungulira kwambiri asanatere moti amasokoneza, ndiye ndi bwino kuwawerenga m'bandakucha akamachoka. Anthu awiri kapena atatu aime mbali zosiyana, aliyense awerenge payekha osauzana, m'magulu a khumikhumi, kenako afanizire. Ngati mmodzi wapeza 300 wina 500, alembe ziwerengero zonse ziwiri, osasankha chachikulu. Pa chulu cha ngumbi napo n'chimodzimodzi, ndipo chithunzi cha pafoni, ngakhale mbalame zioneke timadontho, chimathandiza kuwerenganso modekha kunyumba.

Oyamba kumene asade nkhawa ndi mayina. Kusiyanitsa lesser spotted eagle ndi steppe eagle zili m'mwamba kumavuta ngakhale akatswiri. Kulemba kuti chiwombankhanga chachikulu cha bulauni, zisanu, n'kwabwino kuposa kulemba dzina lolakwika limene lidzasocheretse wina patapita zaka makumi awiri. Mphamba, nkhwazi, mphungu, osprey ndi kabawi wamwamuna wa ku Amur ndi osavuta, ndipo mitundu isanu imeneyi yokha itawerengedwa mokhulupirika ingatiuze zambiri.

Anthu oti agwire ntchitoyi alipo kale. M'masukulu muli makalabu a zachilengedwe amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947, lakhala likuwalimbikitsa. Pali alonda a paki ya Liwonde ndi operekeza alendo a pa Mvuu, m'pakimo, amene amazindikira mbalame ili kadontho. Ndipo pali alenje a mbalame a ku Chilwa. Nyanjayi inalembedwa kukhala dambo loyamba la Malawi lotetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, ndipo kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayerekeza kuti mbalame za m'madzi zoposa 1 miliyoni zinkakoledwa kumeneko pa chaka, makamaka nsomba zikasowa. Munthu amene wakhala m'mabango kuyambira ali mwana amadziwa mwezi umene mbalame iliyonse imafika ndi mtengo umene imagona. Ine ndimaona kuti kumusiya munthu wotere kunja n'kumadikira katswiri wochokera ku Ulaya ndi kutaya chuma. Zimene zinachitika ku Pangti zinatheka chifukwa odziwa mitengo anali omwewo okola.

Pali zinthu ziwiri zoti zisaiwalike. Choyamba, munthu woimaima m'minda ya eni ndi chipangizo choonera patali komanso kope amadabwitsa, ndipo mphekesera sizichedwa kumera. Ayambe wakaonekera kwa amfumu, afotokoze, ndipo ngati n'kotheka atengepo mwana wa m'mudzimo. Chachiwiri ndi kosunga zolembedwazo. Kope limodzi limadyedwa ndi chiswe, mphunzitsi wa kalabu amasamutsidwa, foni imabedwa. Zolemba za mwezi uliwonse zikopedwe kawiri, zina zisungidwe ku ofesi ya sukulu, zina zitumizidwe ku nthambi ya bungwe la zachilengedwe kapena ku ofesi ya paki. Amene ali ndi intaneti angazilowetse pa eBird, kaundula waulere wa dziko lonse lapansi woyendetsedwa ndi Cornell Lab of Ornithology, kumene wofufuza wa ku India kapena ku Poland angazipeze tsiku lomwelo.

Kuwerenga kusalekezere mu Disembala. Mu Marichi ndi Epulo, chimanga chikukhwima, akabawi a ku Amur amadutsanso kulowera kumpoto, ndipo steppe buzzard amachoka m'mapolo mmodzimmodzi. Tsiku lomaliza kuona mtundu uliwonse lilembedwe monga linalembedwera loyamba. Masiku awiri amenewa, akaunjikana zaka khumi pambali pa masiku amene mvula inayamba ndi kusiya, adzaonetsa ngati mbalame zikusintha nthawi yofika pamene dzinja la ku Balaka likuchedwerachedwera, kapena ngati zikumafika ngumbi zisanatuluke.